Chitsulo Chotsogola Sichilewa Nkhonya

Makolo athu, amene sadaone galimoto kapena kumva fungo la dizilo, adatisiyira mawu akuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndipo ngakhale iwo ankanena za mfumu ndi za nkhoswe, za munthu uja amene mlandu wa mbumba yonse umagogoda pakhomo pake iye mwini asanalakwe kanthu, mwambiwo umamveka bwino lomwe kwa aliyense woima m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya m'mamawa, pamene magalimoto a m'tchire amatsetsereka kuchokera m'tauni ya Livingstone, ena atanyamula alendo okaona mathithi, ena atasenza mabwato a mphira opita ku zigwembe za Zambezi, iliyonse itatsogoza chitsulo chopingasa chimene timachitcha bampala. Pa ziwalo za galimoto, ichi ndicho chidapangidwira kupwetekedwa. Injini idapangidwa kuti ikoke, matayala kuti agudubuzike, nyali kuti ziunike njira. Koma gawo la bampala ndilo kukhala yoyamba kukumana ndi tsoka, kuti tsokalo pofika kwa ena likhale litalefuka.

Ndipo tsoka la kuno silisowa poyambira. Dziko lozungulira Livingstone ndi la mchenga wambiri, ndipo munthu akangosiya phula, kaya walunjika kumudzi kwa Mfumu Mukuni, kaya wapatukira kumidzi ya m'mbali mwa msewu wa Nakatindi umene umapita ku Kazungula ndi ku Sesheke, amayenda m'tinjira timene udzu wake umabisa zitsa za tsanya, mtengo wolimba umene umabunthitsa nkhwangwa ndipo chiswe chimaulambalala. Pa phula pomwepo mtendere suli wathunthu, pakuti msewu waukulu wochokera ku Lusaka, podzera ku Choma, ku Kalomo ndi ku Zimba, umapyola dziko la Atonga, anthu oweta ng'ombe kuyambira kalekale, ndipo ng'ombe yakuda, usiku wopanda mwezi, siioneka kufikira itadzaza galasi lonse lakutsogolo. Pamwamba pa izi pali njovu, zimene m'miyezi ya chilimwe zimatuluka m'malo osungira nyama a Mosi-oa-Tunya n'kumadutsa msewu wa ku mathithi mosafulumira, nthawi zina n'kufika m'makomboni momwe kudzafuna mango ndi ndiwo za m'madimba. Chotero bampala yopindika si chachilendo m'tauni muno, ndipo si chachilendonso kuona munthu atagona chagada pa katoni pabwalo la nyumba yake, miyendo yokha ikuonekera kunsi kwa galimoto, akulimbana nayo kuti aichotse.

Pali chifukwa chimene ntchito yotere imachitikira pakhomo, ndipo si kudula kwa galaja kokha ayi. Tauni ino idabadwa ndi chitsulo. Azungu oyamba adakhala kumtunda kwa mathithi, pa dooko lotchedwa Old Drift, pomwe malungo adawapulula. Koma njanji itafika, ndipo mlatho wa pa Zambezi utatha mu 1905, mlatho umene zitsulo zake zidasulidwa ku Darlington m'dziko la England n'kubwera panyanja kudzera ku Beira, mudzi udasamukira pamtunda pamene uli lero. Udakhala likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935, pamene ulemuwo udapita ku Lusaka. Njanji ya ku Mulobezi inkatuta matabwa a mukusi m'nkhalango za kumadzulo, ndipo nyumba zimene ankakonzeramo injini zake zamoto ndizo lero zimasunga zakale za njanji kuti alendo aziona. Ufulu utabwera mu 1964, m'zaka za m'ma 1970 munali fakitale ya Livingstone Motor Assemblers, mmene ana a dziko lino ankalumikiza magalimoto a Fiat ndi manja awo. Fakitaleyo idaleka ntchito, koma luso silifa tsiku limene chipata chatsekedwa. Lidabalalikira ku Maramba, ku Libuyu, ku Linda ndi ku Dambwa, m'manja mwa nkhalamba ndi mwa ana amene ankazigwirira nyali usiku. Pakati pa anthu amenewa padali a kwathu ambiri, Achewa, Ansenga ndi Angoni ochokera kum'mawa, ndi ena a ku Nyasaland, amene adabwera ndi ntchito za njanji, za upolisi ndi za boma, nakhazikika pakati pa Atonga, Aleya ndi Alozi. Mwana wa nyumba zotere akagwira sipanala pabwalo la kwawo, akudya cholowa.

Mnansi wanga wina wa ku Dambwa, bambo wachikulire amene adakalamba akugwira zitsulo, ali ndi Land Cruiser yakale imene muphwa wawo amayendetsa potengera anthu ndi katundu kumidzi ya m'mphepete mwa mtsinje. Tsiku lina mnyamatayo anabwera nayo dzuwa litapendeka, bampala itakhota mbali ya kumanzere, nsonga yake itapindikira m'kati mpaka kutsala pang'ono kukhudza tayala, chifukwa cha chitsa chobisika m'udzu. Akuluwo sanakalipe. Anazungulira galimoto, anagwada, anasuzumira kunsi kuti aone ngati pali madzi kapena oyilo wodontha, ndipo ataona kuti dothi lili louma anangoti, "Yagwira ntchito yake, mawa tiipumitse." Madzulo omwewo anatenga oyilo wosakaniza ndi palafini nadonthezera pa bawuti lililonse lomanga bampala ku chasisi, kuti usiku wonse alowerere m'dzimbiri.

Kutacha, dzuwa la Okutobala lisanayambe kutenthetsa zitsulo, anaimika galimoto pamalo osalala pansi pa mtengo wa mango, nakoka buleki ya pamanja, nalowetsa giya, naika miyala kumatayala. Choyamba anamasula waya wa batire, uja wopita ku thupi la galimoto, popeza pa bampala pamadutsa mawaya a nyali zothandizira, ndipo pa magalimoto ena pamakhala winchi imene chingwe chake cha magetsi, chikakhudzana ndi sipanala, chimalavula moto wokwanira kusungunula chitsulo. Pa magalimoto amakono kumeneko kumakhalanso tizipangizo tomva kugunda, timene timaphulitsa ma airbag, ndipo wanzeru sagogoda pafupi nato magetsi ali amoyo. Waya uliwonse umene anamasula anaumanga kansanza ka mtundu wakewake, kuti pobwezera pasadzakhale kulota. Manati ndi mawashala ankaponya m'chitini, osati pansi, chifukwa mchenga wa kuno umameza kanthu kakang'ono munthu akuyang'ana.

Mabawuti ena anamasuka mosavuta, koma limodzi, la mbali yomwe inagunda, linakana kwamtuwagalu. Apa ndi pamene ntchito yotere imayesa mtima wa munthu, pakuti bawuti limene lagona zaka zambiri m'matope a dzinja ndi m'fumbi la chilimwe limagwirana ndi nati yake mpaka kusanduka thupi limodzi, ndipo woligwira mwaukali amapeza chimodzi mwa ziwiri: kapena mutu wake umabulungika, sipanala n'kumangoterera, kapena limathyokera m'kati, n'kusandutsa ntchito ya m'mawa umodzi kukhala ya masiku. Mnyamata uja, thukuta lili kamukamu, anati, "Amalume, bwanji tingolidula ndi galayinda?" Iwo anayankha, "Dekha, mwanawe. Kudula n'kwapafupi, koma ukadula pamenepo udula ndi khutu la chasisi lomwe." Anatenga sipanala yotseka, yogwira mutu wa bawuti mbali zonse, naivala paipi yaitali kuti mkono utalike; anagogoda mutu wa bawutilo ndi hamala pang'onopang'ono kuti dzimbiri lisweke m'kati; kenaka, chimene chinadabwitsa mnyamatayo, anayamba ndi kulimanga pang'ono asanalimasule. Linalira kamodzi, kulira kowuma kwa chitsulo chogonja. Anadonthezanso oyilo, nalibweza m'mbuyo, nalipititsa patsogolo, kubwereza chomwecho mpaka linayamba kuyenda lokha ndi zala. Akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindidziwa sukulu ina yophunzitsa mwambiwu bwino koposa bawuti ladzimbiri.

Asanamasule lomaliza anatuma mwana kukaitana anansi awiri, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo bampala yachitsulo ya galimoto yotere imalemera ngati thumba la chimanga la makilogalamu 50, mwinanso kuposa. Koma kulemera si choopsa chokha. Chitsulo chopindika chimasunga mkwiyo wa nkhonya imene chidalandira, ndipo bawuti lomaliza likachoka chimatha kufwanthuka mwadzidzidzi n'kuphwanya chala chimene chili pakati. N'chifukwa chake anatsamiritsa bampala pa zipika, nauza aliyense kuti agwire kunsonga, manja atalikire polumikizira. Inagwedezeka kamodzi, nitsikira pa zipikazo, ndipo nkhope ya galimoto inatsala yamaliseche.

Anthu ambiri amathamangira pamenepa kukweza yatsopano, ndipo ndi pamenepa pomwe amalakwira, chifukwa chilonda chooneka ndi maso sichinena zonse. Akuluwo anakhala pansi nthawi yaitali akuyang'ana nsonga ziwiri za chasisi, mitanda ija yaitali imene imasenza galimoto yonse kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Anafunafuna pamene penti yasweka kapena kutukumuka, poti chitsulo chikapindika, ngakhale pang'ono, penti ndiyo imayamba kuulula. Anapapasa kunsi kwa ladiyeta ndi m'mapaipi ake. Anagwedeza ndodo za chiwongolero. Kenaka anatenga chingwe nayeza mopingasa, kuchokera pa bowo la nsonga ya kumanja kufika pa bawuti lodziwika la kumbuyo mbali ya kumanzere, nayezanso mbali inayo, ndipo miyeso iwiriyo inafanana. Ikadasiyana, ntchito ya pakhomo ikadathera pomwepo, pakuti chasisi chopotoka chimawongoledwa ndi makina a anthu odziwa, ndipo galimoto yoyenda nacho imadya matayala mbali imodzi ndi kukokera kumbali pogwira mabuleki. Chalaka bakha nkhuku singatole. Atakhutira, anapala dzimbiri ndi bulashi yawaya napaka penti yofiira yoteteza chitsulo, naisiya kuti iume.

Pamene penti inali kuuma panabuka mkangano umene ndiwo wandichititsa kulemba mawu ano. Njira zinalipo zingapo: kuwongola yakaleyo ndi moto, chimene akuluwo anakana chifukwa chitsulo chopindidwa kawiri ndi kuwotchedwa sichibwerera mphamvu yake, kugula ina kwa ogulitsa ziwalo za magalimoto owonongeka, kapena kupita kwa owotcherera a ku Maramba kuti asule yatsopano. Mnyamatayo mtima wake unali pa yachitatuyi, ndipo anali ataiona kale m'maganizo mwake: ya chitsulo chochindikala chomangira madenga a mafakitale, ya mapaipi okwera mpaka kuphimba nyali, yowotchereredwa ku chasisi kuti isadzagwedezekenso. "Amalume," iye anati, "tipange yoti chitsa chikakumana nayo chizizuka chokha, tisadzavutikenso." Akuluwo anamuyang'ana nati, "Ndipo nkhonya imene iyo yakana, mwanawe, adzailandira ndani?"

Funso limeneli lili ndi yankho lake m'chilengedwe cha zinthu. Galimoto yothamanga imanyamula mphamvu, ndipo mphamvuyo siizimirira chifukwa chakuti chitsulo chakana kupindika. Iyenera kupita kwina. Ophunzira adayeza napeza kuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kugunda imawirikiza kanayi, kotero kuti wothamanga makilomita 80 pa ola sanyamula tsoka lowirikiza kawiri la woyenda 40, koma lowirikiza kanayi. Chitsulo chikamapindika chimadya mphamvu imeneyo, chimatalikitsanso kamphindi ka kugundako, kuti thupi la munthu liime pang'onopang'ono m'malo moima mwadzidzidzi. Chikakana, nkhonya imadutsa yathunthu: imalowa m'chasisi n'kuchipotoza pamalo osafikirika, imathyola zogwirizira injini, imakwera ndi chiwongolero kufika pachifuwa cha dalaivala ndi pakhosi pa mayi amene wakhala pambali atafukata mwana. Mwini galimoto amatuluka n'kusisita bampala yake yosakandika, nanyadira, osadziwa kuti wasunga chiwalo chotsika mtengo powononga chokwera mtengo, ndipo mwina powononga chimene sichigulidwa ndi ndalama. Timati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, ndipo m'menemo muli chilungamo china, popeza wamkulu ali ndi mimba yopirira. Koma pakhomo pamene wamkulu amadya nkhuyu n'kupotetsa ana, pamenepo zinthu zatembenuzika.

Nzeru imeneyi opanga magalimoto sadaipeze msanga. Kwa zaka zambiri ankakhulupirira kuti galimoto yolimba kotheratu ndiyo yoteteza, kufikira katswiri wina wa kampani yopanga magalimoto a Mercedes-Benz ku Germany, dzina lake Béla Barényi, adaonetsa kuti chipinda chokhalamo anthu ndicho chiyenera kulimba, koma kutsogolo ndi kumbuyo kuyenera kupangidwa kofooka mwadala, kuti kufwanyike m'malo mwa anthu. Boma la Germany lidavomereza luso lakelo mu 1952, ndipo mu 1959 idatuluka galimoto yomangidwa motsata nzeruyo. Lero palibe galimoto yaing'ono yatsopano imene siitsata. Ngakhale Land Rover yoyamba ya mu 1948, imene idatsegula njira zambiri za m'tchire m'maiko athu ano, bampala yake idali mtanda wamba wa chitsulo, womangidwa ndi mabawuti ochepa ku nsonga za chasisi, woti mlimi atha kuuchotsa ndi kuikapo wina pansi pa mtengo. Koma makolo athu adanena zomwezi kale ndi mawu awo, pamene adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Taonani kuti sadati akuluakulu ndi thanthwe. Moto wolusa ukafika pathanthwe umangolizungulira n'kupitirira kukatentha nkhokwe za patsogolo. Umazimira m'dambo, pamalo ofewa ndi onyowa, amene amaulandira, napserera udzu wake wa m'mphepete, naumeza. Ukulu umene mwambiwu ukutama ndi wa munthu amene mawu oipa akafika pa iye amathera pomwepo, mkwiyo wa mudzi ukamugwera saupatsira kwa mkazi wake kapena kwa wantchito wake. Ndipo aliyense wa ife adakumanapo ndi mtundu winawo, wa mtsogoleri wosapindika, wosavomera kulakwa, amene nkhope yake imakhala yosalala nthawi zonse chifukwa zipsera zake zonse zili pamisana ya anthu ake.

Ndipo pali wina amene mnyamata uja sanamuwerengere, amene sakhala m'galimoto konse. Msewu wa Mosi-oa-Tunya si wa magalimoto okha. Mumayenda anjinga olemedwa ndi katundu wopita kumalire a Zimbabwe, amayi osenza madengu, ndi ana a sukulu owoloka m'magulu. Galimoto yaing'ono ikagunda munthu wamkulu imamupeza m'miyendo n'kumugonetsa pa boneti yofewa, ndipo ambiri amapulumuka. Koma galimoto ya m'tchire njaitali kale, ndipo ikavala mapaipi osapindika imamupeza munthu m'chiuno ndi m'nthiti, mwana n'kumupeza m'mutu. Maiko a mgwirizano wa ku Ulaya adakhazikitsa lamulo mu 2005 loti zitsulo zotere pa magalimoto atsopano ziziyesedwa kaye ngati sizipha oyenda pansi, ndipo boma la India mu 2017 lidalamula kuti zosavomerezeka zichotsedwe. Ine mtima umandiwawa ndikaona galimoto imene moyo wake wonse imayenda pakati pa ofesi ndi sitolo, imene sidapondepo mchenga chibadwire, itavala zitsulo za nkhondo chifukwa cha maonekedwe okha, pakuti mdani yekhayo amene zitsulozo zidzakumane naye ndi mwana wa munthu.

Sindikunena kuti chitsulo choteteza chilibe malo ake. Amene amayenda njira ya ku Mulobezi, kapena kuchokera ku Kalomo kulowa m'nkhalango ya Kafue pa chipata cha Dundumwezi, amadziwa kuti ladiyeta ikabooka kumeneko, ndi nthambi kapena ndi nyanga ya nyama, munthu amagona m'tchire, kutali ndi madzi ndi thandizo. Kwa wotere, mapaipi otchinga ladiyeta ndi nyali ndi chinthu cha moyo. Koma ngakhale zitsulo zotero, zikakhala zopangidwa ndi odziwa, zimamangidwa ndi mabawuti pa zogwirizira zimene zidapangidwa kuti zigonje nkhonya ikapyola muyeso, ndipo zopangira magalimoto a ma airbag zimayesedwa kuti zisasokoneze nthawi yophulikira. Kuwotcherera bampala ku chasisi ndiko kutseka khomo lothawira, ndiponso moto wa kuwotchererako umafooketsa chasisi pamalo pomwe pafunika mphamvu. Kulemera nakonso kuli ndi mlandu wake, chifukwa katundu wolenjekeka kutsogolo kwa matayala amafooketsa masipuling'i, amamiza mphuno ya galimoto mumchenga, ndipo chitsulo chotseka kwambiri chimamana ladiyeta mphepo m'mwezi umene kuno kumatentha koposa. Kunena za njovu, palibe wowotcherera pansi pano amene angasule choilaka, pakuti yamphongo yaikulu imafika matani 5 kapena 6, pamene galimoto yotere imangopitirira pang'ono matani awiri. Chotetezera chokha chimene chilipo ndicho phazi lopepuka pa mafuta dzuwa likamalowa, ndi mtima wololera kuima patali n'kudikira.

Mkanganowo unatha mwa njira ya akulu, wopanda wogonja poyera. Anapita onse awiri kwa ogulitsa ziwalo, napeza bampala ya mtundu womwewo wa galimoto yawo, yochotsedwa pa ina imene inagundidwa kumbuyo, yowongoka bwino, ndi zogwirizira zake zomwe. Mabawuti okha ndiwo akuluwo anaumirira kugula atsopano, nasankha okhala ndi chizindikiro cha 8.8 pamutu, kutanthauza chitsulo cholimbitsidwa, osati aja osalembedwa kanthu amene amamangira zitseko. Pakuti bawuti limene lalandirapo nkhonya limakhala litatamuka m'kati ngakhale kunja likuoneka langwiro. Mnyamatayo anafunsa chifukwa chake pano akufuna cholimba pamene m'mawa ankakana cholimba, ndipo iwo anamuonetsa ndi chala kuti chopindika chiyenera kukhala mtanda ndi zogwirizira, koma chomangira chiyenera kugwira, kuti bampala isathothoke n'kulowa kunsi kwa matayala galimoto ikuthamanga.

Pokweza anaitananso anansi aja. Awiri ananyamula kunsonga, mnyamata anagona pansi, ndipo akuluwo analowetsa chitsulo chosongoka m'bowo kuti mabowo ayang'anizane. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo analibwereza kawiri: bawuti lililonse lilowe ndi zala, nati igwire pang'ono chabe, ndipo pasakhale lomangidwa kolimba kufikira onse atalowa, chifukwa womanga loyamba mpaka kumapeto amapeza kuti bowo lomaliza lasemphana ndi linzake ndi kachigawo kakang'ono, ndipo amayamba kukakamiza ndi hamala chimene chikadalowa mwaulemu. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Onse atalowa, akuluwo anabwerera m'mbuyo mapazi angapo, natsinzina diso limodzi, nauza a kumanja kuti akweze pang'ono. Anayeza ndi zala mpata wa pakati pa bampala ndi thupi la galimoto mbali zonse ziwiri, nausiya dala wotakasuka, pofotokoza kuti pa galimoto ya chasisi thupi ndi mitanda zimagwedezeka payekhapayekha m'mabampu, ndipo zikagundana zimadyana. Anakumbutsa mnyamatayo kuti anthu a njanji akale ankasiya kampata polumikiza njanji ziwiri, podziwa kuti chitsulo chimafutukuka ndi dzuwa ndipo chikasowa kopita chimapotoka. Kenaka anamanga mosinthanasinthana, ili la kumanja, ilo la kumanzere, pang'onopang'ono, mpaka onse analimba mofanana.

Zotsala zinali zazing'ono: mawaya anabwerera motsata tinsanza tawo, namangidwa kutali ndi m'mphepete mwakuthwa; nambala ya galimoto inakhomedwa pamalo oonekera; batire inalumikizidwa, ndipo kutada anaimika galimoto moyang'ana khoma kuti aone ngati nyali zikuunika mofanana ndi kuti sizithobwa m'maso anzawo a pamsewu. Bampala yakale sinatayidwe, poti amisiri osula mbaula ndi makasu amalandira chitsulo chotere ndi manja awiri.

Patapita masiku, galimoto itayenda njira ya mabampu ya kwa Mukuni, mnyamata uja anatenga sipanala yekha, wosatumidwa, nalowa kunsi kukayesa manati, popeza kugwedezeka kwa misewu yotere kumakhazika zitsulo zatsopano ndipo zomangira zimalekerera pang'ono. Anapeza ina itafewa, naimanga. Ali pansi pomwepo akuluwo anamuonetsa ngowe yokhuthala yomangidwa ku chasisi chenicheni, namuuza kuti tsiku limene adzatitimire mumchenga, kapena kupeza mnzake atatitimira, chingwe chokokera adzamange pamenepo, osati pa bampala, ndipo anthu onse adzaime patali chingwecho chisanakungike, chifukwa bampala idapangidwira kukankhidwa kuchokera kutsogolo, ndipo ikakokedwa mwamphamvu imazuka ndi mabawuti ake n'kuuluka kulunjika galasi la wokokayo.